Katundu wa Mayi Tsabola

Baba Oyedele anamudziwa mlendoyo asanatchule n'komwe dzina. Chinamuulula ndi kasekedwe kake. Mayiyo anapunthwa pa mwala wa pakhomo, uja umapunthwitsa aliyense wofika koyamba panyumba imeneyo ku Oke-Ado, ndipo m'malo moipidwa anaseka ataponya mutu kumbuyo, dzanja lili pachifuwa. Oyedele ankasenda lalanje pakhonde, ndipo mpeni unamupulumuka. Kuseka kumeneko anakumva komaliza zaka pafupifupi makumi atatu zapitazo, ndipo mwini wake anali kumanda.

Mayiyo anagwada maondo onse awiri, monga amachitira mwana woleredwa bwino.

"Mwadzuka bwanji, Baba? Ndine Morenike, mwana wa Ibironke. Uja munkamuti Mayi Tsabola."

"Dzuka, mwana wanga, dzuka. Ndakudziwa kale."

Achinyamata a masiku ano ukawatchulira Mayi Tsabola amangokuyang'ana ngati wawafunsa njira ya kumwezi. Koma mu Ibadan munali nthawi imene Lachinayi lililonse, dzuwa likangopendeka, misika inkatha anthu. Kanema ankakhala mmodzi pa msewu wonse, wosaonetsa mitundu, ndipo mwini wake ankamutulutsa pawindo kuti asamuthyolere chitseko. Anthu ankakhala pa mabenchi, pa zitini, ena pa mapewa a anzawo, kudikira mayi wogulitsa tsabola yemwe ankalongolola ndi aliyense: ogula, wotolera msonkho wa pamsika, mwamuna wake waulesi, ngakhale mbuzi. Munthu akangokhudza tsabola wake, iye ankayang'ana kamera n'kunena kuti, "Walawa, wagula." Mawu amenewo analowa m'mabasi, m'makhoti ndi m'maukwati momwe. Mayi Tsabola ameneyo anali Ibironke, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, yemwe kunja kwa sewero sankatha n'kukalipira nkhuku komwe.

Oyedele sanaonekepo pa kanema ngakhale chala. Iye anali wosunga matepi ku nyumba youlutsira masewerowo, m'kachipinda kapansi kopanda windo. Matepi a nthawi imeneyo sanali tinthu ta m'thumba ayi. Imodzi inali yaikulu ngati lichero laling'ono, yolemera ngati mwana wa chaka, ndipo inkachokera kunja pa mtengo woti bwana akaumva ankagwira mutu. Choncho analipo ochepa, ndipo ankagwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza. Lamulo lake linali losavuta. Tepi ya kapepala koyera kolembedwa ndi pensulo inkabwerera kukajambulidwanso zina pamwamba. Tepi ya kapepala kofiira inkasungidwa. Zofiirazo zinali za bwanamkubwa wa chigawo: bwanamkubwa akudula riboni, bwanamkubwa akuyendera asilikali, bwanamkubwa akuyang'ana mlatho. Sewero limene linagwetsa mzinda wonse ndi phwete Lachinayi, pofika Lolemba linali litakwiriridwa ndi nkhani kapena mpira. Palibe ankaona cholakwika. Nthabwala za dzana ankazisunga ndani?

Tsiku lina m'nyengo ya mvula ya 1974, wolera mwana wa Ibironke anadwala, ndipo Ibironke anafika kuntchito atabereka khanda la miyezi isanu ndi itatu. Wotsogolera sewero anafuna kukana, koma iye anamufunsa kuti anaonapo kuti mayi wa pamsika wopanda mwana kumbuyo. Anajambula choncho. Pakati pa sewero khandalo linayetsemula, ndipo Mayi Tsabola, osaphethira n'komwe, analitembenukira n'kuliuza kuti nalonso lalawa, ligule. Ojambula anaseka mpaka kamera inagwedezeka.

Atamaliza, Ibironke anatsikira kwa Oyedele atanyamula akara wotentha, zitumbuwa za nyemba, m'pepala.

"Achimwene, ndabwera kudzakunyengererani, ndipo sindikubisa," anatero akumuikira pepalalo patebulo. "Zathu mumazifufuta tisanavule n'komwe duku. Ya leroyi yokha mundisungire. Kamunthuka kakadzakula kadzaone kuti amake sanali wongokhala."

"Nanga akandigwira?"

"Akugwireni ndani? M'chipinda muno mumalowa inu ndi mphemvu basi."

Oyedele anadya akarayo, ndipo nzeru inamubwerera ili yonse. Anachotsa kapepala koyera, namata kofiira, n'kulembapo ndi inki kuti: Bwanamkubwa atsegula chitsime ku Iseyin. Anaiika pakati pa zofiira zinzake. Ndani akanapempha kuonanso chitsime? Anadzitama mumtima kwa mlungu wathunthu. Kuyambira pamenepo moni wa awiriwa unasintha. Akakumana m'khonde, Ibironke ankafunsa kuti, "Katundu wanga ali bwanji?" Iye ankayankha kuti, "Akunenepa."

Chaka chotsatira asilikali anachotsa asilikali anzawo pampando, ndipo bwanamkubwa uja anapita ndi riboni zake zomwe. Kunabwera lamulo loti nkhope yake isaonekenso, ndipo matepi onse ofiira abwerere kuntchito. Inalinso nyengo imene anthu ogwira ntchito m'boma ankachotsedwa ngati nsabwe. Munthu ankamva dzina lake pa wailesi masana, madzulo n'kukhala lova. Dalaivala wina wa pamalopo anachotsedwa chifukwa chonyamula zilazi m'galimoto ya kuntchito.

Oyedele ankapereka matepi ofiira imodzi imodzi, ya chitsime akuikankhira kumbuyo. Shelefu inayamba kuyera. Anaganizapo zoitulutsa pansi pa malaya, koma pageti ankasecha. Anaganizapo zosinthanso kapepala, koma zoyera zinkatha mlungu womwewo. Akuganizabe choncho, m'mawa wina anapeza kuti yatsala yokha, ndipo pakhomo paima Bwana Falade, mkulu wa mapulogalamu, akufuna tepi ya anthu a zaulimi.

"Iyo yatsalayo bwanji?"

"Imeneyo ili ndi vuto, bwana. Imakoka."

"Imakoka? Kapena mwini nkhopeyo ndi amalume ako? Ukuwasungira tsiku lobwerera?"

Anthu awiri amene ankadutsa m'khonde anaima n'kuseka. Apa ndi pamene Oyedele wakhala akubwerera moyo wake wonse. Mawu anali pakamwa: bwana, mmenemo mulibe chitsime, muli Mayi Tsabola. Falade yemweyo ankaonera seweroli mpaka kupukuta misozi ndi taye. Mwina akanaseka, n'kunena kuti bwezera pamalo pake, chitsiru iwe. Koma mwinanso akanafunsa kuti ndani analemba bodza pa katundu wa boma. Oyedele anali ndi ana anayi. Anakumbukira zilazi zija. Anatsitsa tepiyo, anamatula kapepala kofiira ndi chikhadabo chake, ndipo anainyamula yekha kukaipereka kwa ojambula. Tsiku limenelo anajambulapo za kapoperedwe ka mankhwala m'munda wa koko, ndipo poti zimenezo ankazionetsa chaka ndi chaka, sanazifufutenso.

Masana omwewo anakumana ndi Ibironke pa masitepe.

"Katundu wanga ali bwanji, achimwene?"

"Akunenepa."

Yankholo linatuluka lokha, mwachizolowezi, ndipo litatuluka linavuta kulibweza. Anadziuza kuti zinthu zikazizira adzasunga sewero lina, n'kumuuza zoona ali ndi chomupatsa m'manja. Malachinayi satha, anatero. Koma mantha sanazizire, ndipo Zengerezu adalinda kwawukwawu. Patatha chaka, lole ya gulu la zisudzo inagubuduzika pa msewu wochokera ku Ilesha, ndipo Ibironke anafera pomwepo. Mabwana anatumiza uthenga kuchipinda chapansi kuti atulutse sewero lililonse la Mayi Tsabola, anthu amuone komaliza. Panalibe ngakhale limodzi. Lomaliza analipereka yekha Lolemba lapitalo. Lachinayi limenelo mzinda unayang'ana chithunzi chosayenda kwa theka la ola, ng'oma zikulira pansipansi.

Pamaliro, mwamuna wa malemu anamugwira manja onse awiri n'kumunong'oneza kuti, "Anandiuza za katundu uja. Musunge mpaka mwanayu akule." Oyedele anagwedeza mutu kuvomera. Pamaliro si pouzira munthu zotere, anadziuzanso choncho.

Patapita zaka, makina atasintha, matepi akuluakulu aja anaunjikidwa kuseri kuti akatayidwe. Oyedele anafukula mulu wonse kufuna ya nambala imene ankaidziwa pamtima, anapita nayo kunyumba, anaikulunga m'nsalu n'kuiika pamwamba pa kabati. Mkazi wake, adakali moyo, ankamufunsa kuti akusungiranji chinthu chosadyedwa. Naye sankadziwa.

Tsopano khanda loyetsemula lija linali litakhala pa benchi yake, mayi wa zaka makumi atatu, namwino wa ku Lagos.

"Bambo anga anatisiya miyezi iwiri yapitayi," anatero Morenike. "Kutatsala masiku ochepa anandiitana, akuti pita ku Ibadan ukafune Baba Oyedele wa matepi, ali ndi katundu wako. Akuti ankaopa kundiuza kale chifukwa akanafuna kuonera nawo, ndiye mtima sukanapirira."

"Mulungu awalandire. Anali munthu wabwino."

"Baba, ine ndili ndi chithunzi cha amayi chimodzi chokha, cha paukwati, atatseka pakamwa ngati awaopseza. Kuchipatala agogo ena akandimva ndikuseka amadzuka pabedi, akuti iwe, ndiwe ndani wake wa Mayi Tsabola? Amayamba kundisewerera mayi anga, drip ili pamkono. Dziko lonse linawaona amayi anga kupatula ine."

Apa panali poyenera kunena. Munthu wamkulu, wa imvi mutu wonse, akanangoti mwana wanga, khala bwino ndikuuze. Koma Oyedele anadzuka, analowa m'nyumba, anakwera pa mpando, natsitsa mtolo uja. Morenike anaulandira ndi manja awiri n'kuukumbatira pachifuwa, fumbi lonse likumupaka pa diresi. Nkhalambayo inadzitonthoza ndi ganizo limodzi lochititsa manyazi: makina oonera matepi otere anatha kalekale, ndiye mwanayu adzangosunga chinthuchi monga anachisungira iye, akukhulupirira kuti amake ali momwemo.

"Vuto ndi makina, mwana wanga. Sapezekanso."

"Ndawapeza kale, Baba. Ndinayamba ndi makinawo ndisanabwere kuno. Ali kwa Baba Akinloye ku Mokola. Akuti mumadziwana."

Ankadziwanadi. Akinloye anali wokonza makina kuntchito kuja, munthu wosataya ngakhale kamsomali. Atapuma ntchito anagula zitsulo zonse zimene ena ankati zafa, n'kudzaza nazo shedi ya kuseri kwa nyumba yake. Mkatimo munaima chimakina chachikulu ngati kabati ya zovala, ndipo iye ankachipukuta m'mawa uliwonse kuposa mmene ankasambira yekha.

"Oyedele, ukadali moyo?" anatero atawaona. "Ine ndinkayesa anakufufuta kalekale n'kujambulapo wina."

"Ndikanafa ukanamva. Ukanabwera kudzatola misomali ya bokosi."

Akinloye anamasula nsalu, ananunkhiza tepiyo, anaikhudza ndi chala n'kupukusa mutu. Anati yanyowa ndi zaka, yamatirira. Iyenera kukhala masiku atatu m'bokosi la mababu, kutenthedwa pang'onopang'ono ngati mazira, apo ayi idzasenda ikangoyamba kuzungulira.

"Tepi yokalamba ili ngati ife, mwana wanga. Ukaidzutsa mwadzidzidzi imathyoka. Ndipo ndikuuziretu, mwina idzayenda kamodzi kokha. Ndidzalumikiza makina ena kuti tizikopera ikamayenda. Mubwere Lachinayi masana."

"Lachinayi," anatero Morenike, n'kuseka kuseka kuja. "Tsiku lawo lomwe."

Choncho Oyedele anapatsidwa masiku atatu, ndipo anawawononga onse. Tsiku loyamba Morenike anamubweretsera amala ndi ewedu, nsima ya zilazi ndi ndiwo zamasamba, m'mbale zovindikira, nakhala pansi n'kumupempha kuti amuuzeko za m'seweromo, pang'ono chabe, asamalize zonse. Iye anayamba monyinyirika, koma nkhani inamutenga. Anasimba za mvula ya tsiku limenelo, za wotolera msonkho amene anagwera m'dengu la tomato, za kuyetsemula kuja. Anafika poimirira n'kugwira m'chiuno. Morenike anaseka mpaka kutsamira khoma, ndipo nkhalambayo inaona kuti yakumba dzenje lija kuwirikiza. Munthu sungamuseketse chotero kenaka n'kumuthira madzi ozizira.

Tsiku lachiwiri anavala agbada yake, mkanjo wa kutchalitchi, n'kukwera basi kupita kumene Morenike ankagona, kwa azakhali ake ku Molete. Mawu anawakonza bwinobwino m'njira. Atafika pageti anamva Morenike akuimba mkatimo, akuchapa. Anaima kanthawi, anagula mtedza kwa mayi wa pamsewu kuti asaoneke ngati wakuba, ndipo anakwera basi yobwerera. Kunyumba anakhala pakhonde akudzitukwana. Ali mnyamata ankaopa Falade, yemwe anali ndi mphamvu yomuchotsa ntchito. Nanga tsopano ankaopa chiyani? Falade anamwalira kale, ntchito inatha kale, ana anakula. Chinatsala ndi mantha okhaokha, opanda mwini.

Lachinayi Morenike anafika atavala ngati akupita kukalandira mlendo wolemekezeka. Kumutu anamanga duku lachikasu lotuwa m'mphepete.

"Linali lawo," anatero ataona kuti nkhalambayo yaliyang'ana. "Ndati andizindikire."

Pakhomo la shedi Oyedele anamugwira mkono.

"Mwana wanga, ndisanalowe pali mawu."

"Baba, musandiliritse tisanayambe. Mudzanena tikatha."

Ndipo iye, wopusa, analola. Analola mosangalala.

Akinloye anali atakonza mipando iwiri patsogolo pa kanema wamng'ono. Anakoleka tepi, anaipititsa m'tinjira take ndi zala zodziwa ntchito, anapempherera chimakinacho m'chinong'ono, nakanikiza batani. Chinalira ngati chigayo chakutali. Pagalasi panadutsa mizere, kenaka chithunzi chinakhazikika. Panaoneka bambo wa chipewa chachikulu, thanki ili kumsana, ataima pakati pa mitengo. Anapereka moni kwa alimi onse ndipo anati lero tikambirana za matenda odetsa zipatso za koko.

"Aa, Oyedele, ukalamba wakupweteka," anatero Akinloye. "Wanyamula yolakwika."

"Si yolakwika. Ndi yomweyo."

Morenike anatembenuka. Oyedele sanathe kumuyang'ana, choncho anayang'ana bambo wa chipewayo, ndipo ananena zonse: kapepala kofiira, chitsime cha ku Iseyin, shelefu yoyera, Falade pakhomo, chikhadabo chake chomwe. Sanachepetse kanthu. Zinamudabwitsa kuti nkhani imene inamulemera zaka zonsezi inatha msanga chotero, bambo uja asanamalize n'komwe kusungunula mankhwala.



"Amayi anadziwa?" anafunsa Morenike. Mawu ake anali otsika.

"Ayi."

"Sanakufunseni?"

"Ankandifunsa nthawi zonse tikakumana."

"Inu munkati chiyani?"

"Ndinkati akunenepa."

Akinloye anatsokomola n'kutambasula dzanja kuti azimitse.

"Isiyeni, Baba," anatero Morenike. "Ithe yokha. Ndavalira kale."

Choncho anthu atatu akuluakulu anakhala m'shedi yotentha masana a Lachinayi, akuonera kapoperedwe ka koko. Anaphunzira kuti mankhwala amapopera m'mawa mame atauma, kuti zipatso zodwala amazikwirira kutali, kuti thanki amaitsuka katatu. Morenike anakhala chowongoka, manja ali pamwendo, misozi ikutsika yokha osaipukuta. Oyedele ankalakalaka akanamutukwana, akanamuponyera nsapato, chilichonse. Mphindi makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri zimenezo zinamutalikira kuposa zaka zonse za pakati.

Pomaliza bambo wa chipewa anatsanzika alimi. Chithunzi chinazima, pagalasi panadzaza timadontho, ndipo Akinloye anaimirira. Asanafike pa batani, timadontho tija tinang'ambika, ndipo m'shedimo munalira ng'oma zimene Oyedele anazidziwa nthawi yomweyo, ng'oma zotsekera sewero. Pulogalamu ya koko inali yaifupi pang'ono kuposa imene inaikwirira, ndipo kumchira kunatsala kachidutswa.

Panaoneka kauntala ya pamsika, milu ya tsabola, ndi mayi akuchoka. Anali atafulatira. Beseni linali pamutu, dzanja limodzi likulendewera, chiuno chikuyenda ndi ng'oma mwamatama a munthu amene wapambana mkangano. Kumsana kwake kunali khanda lomangidwa ndi nsalu, ndipo khandalo ndi limene linapotoza khosi n'kuyang'ana kamera, maso ali tong'o.

Morenike anadzuka pampando osadziwa kuti wadzuka.

"Amayi," anatero chapansipansi. "Tembenukani."

Oyedele ankalidziwa sewerolo ngati chikhatho chake. Ankadziwa kuti kamphindi kakang'ono m'mbuyo mwake, kongokwanira kupuma kamodzi, Ibironke anali atayang'ana kamera, nanena mawu ake aja, n'kuseka ataponya mutu kumbuyo. Pamenepo ndi pamene bambo wa koko ankatsanzikira. Ankadziwanso kuti kuchokera apa satembenukanso. Mayiyo anayenda mpaka kumapeto kwa msika wa matabwa, anakweza dzanja osacheuka, ndipo chithunzi chinada. Tepi inatha n'kuyamba kumenya chitsulo, phaphapha, mpaka Akinloye anaigwira.

"Ndakopera," anatero mwini shediyo. "Masekondi khumi ndi limodzi. Ali bwinobwino."

Morenike anapempha kuti abwereze kachidutswako. Anaonera kanayi, ataima pafupi ndi galasi. Kachitatu anaika chala pa duku la mayi wa pagalasiyo, kenaka anagwira lake. Linali lomwelo. Atatha anapukuta kumaso, anathokoza Akinloye, analandira kaseti yake n'kuiika m'chikwama. Tepi yaikulu ija anaikulunganso yekha m'nsalu yake.

Panja dzuwa linali likadali lamphamvu. Oyedele anamutsatira mpaka pa mtengo wa pageti, ndipo apo anachita chimene mwamuna wa msinkhu wake sachitira mwana: anayamba kuwerama kuti agone pansi chafufumimba. Morenike anamugwira paphewa.

"Ayi, Baba, musatero. Anthu akuona."

"Ndikhululukire, mwana wanga. Ndinachita mantha."

"Za tepi sindikukuimbani mlandu. Munali ndi ana, ndipo nthawi zake zinali zimenezo. Inenso mwina ndikanaipereka." Anakonza mtolo uja m'manja mwake. "Koma mukanangowauza. Amayi anga, mmene mwandisimbira inu nomwe, sanali munthu wosowa nzeru. Akanapita okha kwa Falade ndi akara. Akanaitana wojambula zithunzi, akanachita china chake. Anakhala ndi Malachinayi a chaka chathunthu, Baba, ndipo sanachite kanthu chifukwa ankadziwa kuti katundu ali kwa inu."

Pa zaka zonsezi Oyedele ankadzizenga mlandu wa tsiku la Falade, ndipo ankapezako podzikhululukira: ana anayi, zilazi, wailesi ya masana. Mlandu wa pa masitepe sanauyang'anepo bwinobwino. Pamenepo panalibe bwana, panalibe geti, panalibe womuseka. Panali mnzake yekha, akumwetulira, akufunsa funso losavuta.

Morenike anagwada pang'ono, bondo limodzi, monga mwa ulemu.

"Tsalani bwino, Baba. Zikomo poisunga."

Anaika mtolowo pamutu, poti unali wolemera, n'kuyamba kutsika msewu wa ku Mokola kulowera kokwerera basi. Oyedele anatsamira mtengo akumuyang'ana. Duku lachikasu linkaoneka pansi pa mtolo, dzanja limodzi likulendewera, kayendedwe kali komwe kaja. Anadikira kuti mwina pa mphambano acheuka, angokweza nkhope kamodzi kuti amuone. Anadikira mpaka basi inamubisa. Sanacheuke.